Geography ya Anthu ndi Asodzi a ku Nyanja

Ambiri a ife tikamva mau akuti Geography timaganiza za mapu, maina a mitsinje ndi kutalika kwa phiri la Mulanje. Inenso ndinali kuganiza cotero kufikira tsiku limene tinaphunzira za usodzi. Pamenepo aphunzitsi athu anatiuza kuti phunziroli liri ndi nthambi ina yofufuza za anthu: kumene akhala, cimene adya, ndi m'mene agawirana nthaka ndi madzi. Alipo anthu ophunzira amene nchito yao ndiyo kufufuza zimenezi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja.

Kwathu ku Salima kuli cilumba ca Mbenji, kumene kumaphedwa utaka wambiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 Mfumu Makanjira amatseka cilumbaci m'December nacitsegula m'April, kuti nsomba ziswane. Mowa ndi njuga nzoletsedwa kumeneko. Tsono funso nali: Boma nalonso liri ndi miyezi yoletsa makoka, koma m'madooko ambiri anthu amaphabe nsomba mobisa. Nanga bwanji lamulo la mfumu limamveka? Funso lotere munthu sangaliyankhe poyesa nsomba pa sikelo. Ayenera kukhala pa dooko masiku ambiri, nafunsa eni cilimila, anyamata opalasa, amai oyanika nsomba ndi ogula ocokera kutali. Kunena zoona, wonyada ndi Cingerezi cace sangaphule kanthu, pakuti asodzi sauza zinsinsi zao munthu wowapeputsa.

Nchito yotere inacitikanso ku nyanja ya Chilwa, imene inaphwa m'caka ca 1968. Aphunzitsi a pa University of Malawi anafufuza za nyanjayi zaka khumi. Ena anayang'ana za madzi ndi matemba, koma ena, monga Swanzie Agnew wa Geography, anatsata za anthu. Asodzi ena anagwira khasu, ena anasamukira ku nyanja zina. Buku la zimene anapeza linaturuka mu 1979, ndipo nyanja itaphwanso mu 1995 anthu anali ndi poyambira.

Njira yace njaitali ndithu. Ukakhoza bwino Form 4 umaphunzira zaka 4 kuti ulandire digiri yoyamba. Pambuyo pace pali digiri ya Master, ndiponso ya Doctor, imene munthu salandira koma atafufuza yekha cinthu catsopano nacilemba. Akatero amaphunzitsa ophunzira a pa University, ndipo pa chuthi amabwerera ku madooko. Masamu asakuopseni, anzanga, cifukwa muyenera kuwerenga mabwato, makoka ndi mabanja.

Atate anga afuna kuti ndidzakhale dokotala wa m'cipatala, ndipo sindinawauzebe maganizo angawa. Koma pa chuthi cikudzaci ndidzatenga kope, ndikafunse agogo maina a nsomba zimene anali kupha ali mnyamata, ndi zimene sazionanso lero.