MUTU 7: KUFUNDITSA NYUMBA ZA MZINDA NDI KUTENTHA KOCHOKERA KUMALO OPANGIRA MAGETSI

Chiyambi

Mphunzitsi, m'maiko ena nyengo yozizira ndi yoopsa moti nyumba yosafunda imadwalitsa ngakhalenso kupha. M'mutu uno tiona momwe dziko la Denmark linakonzera kuti kutentha komwe kunkangotayika kumalo opangira magetsi kuzifunditsa nyumba.

Zolinga

Pomaliza mutu uno muyenera:
• kufotokoza momwe njirayi imagwirira ntchito
• kutchula zofunika kuganizira pokonza mapulani ake

Kutentha kotayika

Malo opangira magetsi oyendera malasha amawiritsa madzi, ndipo nthunzi yake imazunguza makina. Koma pa mphamvu yonse ya m'malashamo, pafupifupi 40 peresenti yokha ndiyo imasanduka magetsi. Yotsalayo imathera mumlengalenga, mumtsinje kapena m'nyanja. Malowa akakonzedwanso, nthunzi yomwe yazunguza kale makina imatenthetsa madzi ena. Madziwo amayenda pansi pa nthaka m'mapaipi okutidwa bwino kukafunditsa nyumba, sukulu ndi zipatala. Akazizira amabwerera kuti akatenthetsedwenso. Motero mphamvu yogwira ntchito imatha kufika 90 peresenti.

Zomwe anachita ku Denmark

Mu 1973 mafuta atakwera mtengo padziko lonse, Denmark inavutika kwambiri poti inkadalira mafuta ogula kunja. Mu 1979 boma linakhazikitsa lamulo lopatsa makhonsolo udindo wokonza mapulani a kafunditsidwe ka nyumba. Khonsolo inkagawa dera lake m'zigawo n'kuona koyenera kuyala mapaipi ndi kosayenera. Lero mabanja pafupifupi awiri mwa atatu alionse m'dzikomo amalandira madzi otentha mwa njirayi.

Pokonza mapulani pali mafunso atatu aakulu.

1. Kodi nyumba n'zothithikana? Mapaipi ndiwo amadya ndalama zambiri, ndipo paipi ikatalika madzi amazizirira m'njira. Kumene nyumba zili patalipatali njirayi siipindula.

2. Kodi mtengo adzauyang'anira ndani? Nyumba ikalumikizidwa, mwini wake sangasankhe wogulitsa wina. N'chifukwa chake lamulo la ku Denmark limafuna kuti mtengo ungobweza ndalama zomwe zalowa pantchitoyo.

3. Nanga malo opangira magetsiwo akatsekedwa? Apa pali phunziro lalikulu. Ku Avedøre, kufupi ndi Copenhagen, chigawo chomwe chinayamba ntchito mu 1990 ndi malasha chinasinthidwa mu 2016 kuti chiziyendera timibulu ta utuchi. Ku Esbjerg malo oyendera malasha anatsekedwa mu 2024, ndipo mbali ina ya kutentha tsopano imachokera ku makina aakulu okoka kutentha m'madzi a m'nyanja. Konseku mapaipi ndi omwewo, ndipo anthu sanagone m'chisanu.

Ntchito

M'chigawo chathu chino mafakitale a shuga, monga a ku Nchalo ndi ku Dwangwa, amatentha zotsalira za nzimbe kuti apeze nthunzi ndi magetsi pamodzi. Lembani ndime imodzi yoonetsa kufanana kwa zimenezi ndi za ku Denmark. Kenaka kambiranani ndi ophunzira anu komwe kutentha kwa pambaula kumathera pophika.

Kuomba mkota

Taona kuti kukonzanso makina pakokha sikukwanira. Pulani yabwino imayambira pa nyumba ndi mapaipi, chifukwa zoyatsira moto zimasintha koma mapaipi amakhala zaka zambiri.