Nyimbo ndi Mwana Amene Akuwerenga

Dzuwa likalowa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, kuyambira ku Linga mpaka ku Dwangwa, ana a sukulu amatsegula mabuku wailesi ikulira pakhonde. Ena amatseka makutu ndi timawaya ta lamya ya m'manja, namanena kuti nyimbo zimawathandiza kuwerenga. Kodi zimenezi n'zoona?

Munthu akamawerenga amatchula mawu a m'buku chamumtima, ndipo bongo umawasunga kanthawi kufikira tanthauzo litamveka. Mawu a woyimba amadzeranso njira yomweyo, motero amalimbana ndi a m'buku, makamaka ngati nyimboyo ili m'chinenero chimene mwanayo amamva. Mwana amabwereza mzere umodzi katatu, koma kukacha waiwala. Paja akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Nyimbo yopanda mawu, yolira pansipansi, sisokoneza kwambiri, komabe poloweza ndi pofuna kumvetsa nkhani, bata ndilo lipambana.

Vuto lina ligwera makutu. M'kati mwenimweni mwa khutu muli titsitsi tating'ono kwambiri timene timalandira mawu. Phokoso lalikulu la nthawi yaitali limatiwononga, ndipo tikafa sitimeranso. M'chaka cha 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo cha kugontha chifukwa cha kumvera nyimbo mokweza. Mwana wosamva bwino amaphonya mawu a mphunzitsi, ndipo ena amamuyesa mbuli kapena wamwano.

Choncho makolo ayenera kuchita izi:

1. Azitseka wailesi kwa ola limodzi pamene ana akuwerenga, makamaka amene akukonzekera mayeso a Sitandade 8.
2. Nyimbo ikhale ya nthawi yopuma, mwana atatseka buku.
3. Ngati mwana wovala timawaya sakumva munthu amene waima naye pafupi, ndiye kuti wakweza mopitirira; atsitse.
4. Mwana asagone timawaya tili m'makutu.
5. Mwana amene khutu likumulira, kapena amene amafunsa kawirikawiri kuti "Mwati bwanji?", apite naye ku chipatala akamuyeze. Asamutokose m'khutu ndi kamtengo kapena nthenga.

Ola la bata madzulo siligulidwa ndi ndalama, koma limasunga makutu a mwana ndi maphunziro ake omwe.