Kudula Zokongoletsa ndi Scroll Saw

Scroll saw ndi makina amene timadulira zilembo, maluwa ndi zithunzi m'thabwa. Mpeni wake ndi wowonda kwambiri, umamangidwa kumwamba ndi kunsi, ndipo umayenda chokwera ndi chotsika. Chifukwa cha kuwondako, umakhota pamene sowo wamba sangakhote.

Tisanayatse makina, tionetsetse kuti mano a mpeni aloza pansi, kuti podula azikanikizira thabwa patebulo. Mpeniwo ukhale wokungika bwino, chifukwa wolobodoka umasochera pamzere. Kenaka timate pepala la chithunzi pathabwa. Amene tikuphunzira kumene tiyambe ndi paini kapena plywood wa mamilimita 6, popeza mlombwa ndi mbawa ndi matabwa olimba ndiponso okwera mtengo.

Nanga m'kati mwa chilembo ngati O timadulamo bwanji? Timaboola kabowo, kumasula mpeni kumwamba, kuupisa pabowopo, n'kuumanganso. Tiyambe ndi zam'katizi thabwa likadali lalikulu, m'mphepete tidule pomaliza, kuti tizigawo towonda tisathyoke.

Chimene chimaononga ntchito kawirikawiri ndi kukankha thabwa mwamphamvu. Mpeni umatentha, n'kusiya zipsera, kenaka n'kuduka, ndipo chikwangwani cha dzina chimene kasitomala akuchidikira chimangosanduka nkhuni. Manja athu azingotembenuza thabwa pang'onopang'ono, mpeni uzidula pa liwiro lake. Zala zisakhale kutsogolo kwa mano, ndipo tivale magalasi ndi chophimba mphuno chifukwa cha utuchi. Tikamaliza, tisalaze ndi sandipepala, kenaka tipake vanishi.