Njoka Yam'mimba Imene Iba Kawiri

Mwa njoka zam'mimba ulipo mtundu wina umene Angerezi autcha hookworm, pakuti mutu wake ngwokhota ngati mbedza. Kutalika kwake kungofika sentimita imodzi. Dokotala wa ku Milan, Angelo Dubini, anaiona m'matumbo a munthu wakufa m'chaka cha 1838. Pambuyo pake Arthur Looss, ali ku Cairo, anadonthezera mwangozi pa dzanja lake madzi okhala ndi tiana ta njokayi, nazindikira kuti timalowa poboola khungu.

Nanga ichitanji ikafika m'matumbo? Munthu wamoyo sitingamtumbule kuti tione. Nchifukwa chake anthu ophunzira amapatsira njokazi agalu, makoswe ndi tinyama tonga mbewa totchedwa hamster, nayesa magazi ndi matumbo ao.

Poyamba njoka iba magazi. Iluma khoma la matumbo, nilavulira pa bala malovu oletsa magazi kuundana. M'njoka za agalu ndimo malovuwa anafufuzidwa bwino. Tsono ikasamukira pena, bala lakale likhabe. Njoka imodzi ya mtundu wa Necator itayitsa magazi osakwana dontho pa tsiku, koma zikakhala mazanamazana, ayironi wa m'thupi atha. Hamster wogwidwa ndi njoka zotere achepa magazi, naleka kukula.

Kuba kwachiwiri nkobisika, ndipo ine ndiyesa kuti nkumene ambiri sitikudziwa. M'kati mwa matumbo muli timinofu tambirimbiri toimirira ngati ubweya wa bulangete. Ndito timayamwa chakudya, ndipo pamwamba pake pali zogayira shuga wa m'nsima ndi wa mumkaka. M'makoswe opatsidwa Nippostrongylus, mbale wake wa hookworm, timinofuti timafupika ndi kuphwatalala, zogayira zija zichepa, ndipo mapuloteni a m'magazi adonthera m'matumbo. Chakudya chilowa ndithu, koma china chingopitirira. Mukaona mwana wakudya bwino koma woyezuka ndi wonyentchera, musafulumire kudzudzula amake.

Pali kusiyana kumodzi. Khoswe atulutsa yekha njoka zake patapita ngati milungu iwiri, matumbo ake napola. Kwa munthu sizitero: Necator akhala m'mimba zaka zingapo, ndipo ngakhale albendazole amuphe, mwana woponda ndi phazi losavala pa dothi loipitsidwa ndi chimbudzi atenga ina.