Sipuni Yake Iti?

Pa botolo la mankhwala a mwana akalemba kuti "one teaspoon", ndiye kuti mamililita 5. Akalemba "one tablespoon", ndi mamililita 15. Mwachidule amalemba tsp ndi tbsp. Kusiyana kwake ndi kachilembo kamodzi, koma muyezo winawo ndi wochuluka katatu. Kwa ife zonsezi ndi sipuni basi.

Kukhitchini kulakwitsa kotere kumathera pa kuseka. Mtsikana wa ku Machinjiri wapeza kaphikidwe ka keke pa Facebook, wathira soda ndi sipuni yodyera phala m'malo mwa ya tiyi, mwinanso wasokoneza baking soda ndi baking powder. Keke yatuluka yowawa, ikumveka sopo m'kamwa. Fulawa ndi mazira zapita, koma palibe wagonekedwa ku Gulupu.

Tsono taganizani za mayi wa ku Ndirande kapena ku Bangwe amene walawirira kuchipatala, mwana kumsana thupi lili moto. Wakhala pa mzere mpaka dzuwa lafika paliwombo. Pawindo amupatsira botolo ndi timapepala ta mapiritsi, kumbuyo anthu akukankhana kale. M'buku lake lakuchipatala mwalembedwa "tds". Mayiyu adafika Folomu 4, Chizungu amachitha, ndiye kufunsa akuona ngati kudzichotsa ulemu. Wangoti "zikomo adokotala", ulendo.

Chimene sakudziwa n'chakuti tds si Chizungu n'komwe. Ndi chidule cha mawu a Chilatini otanthauza katatu pa tsiku; bd ndi kawiri, nocte ndi usiku pogona. Ngakhale mzungu wobadwira ku London akhoza kukanda m'mutu. Komanso katatu pa tsiku sindiye kuti mwanayo amwe katatu konse dzuwa lisanalowe. Mpata umafunika, pafupifupi maola 8.

Akafika kunyumba atenga sipuni yaikulu, poti mayi aliyense amafuna mwana achire msanga. Madzulo mnansi abweretsa mankhwala a chimfine ogula pa okala. Pa paketi palembedwa timalemba ting'onoting'ono kuti "contains paracetamol", kutanthauza kuti muli mankhwala omwewo a mu Panado amene mwana wamwa kale. Apa ndi pamene ndimachita mantha, chifukwa paracetamol ikachuluka imawononga chiwindi, ndipo tsiku loyamba munthu akhoza kuoneka bwinobwino. Ngakhale wamkulu sayenera kupyola mapiritsi 8 a 500 mg pa maola 24. Nanga mwana?

Mawu ena ovulaza ndi ooneka ophweka. "For external use only" ndi mankhwala opaka pakhungu, osamwa. "Complete the course" ndiye kuti mumalize onse ngakhale mwapeza bwino. LA, amene dziko lino lidayamba kugwiritsa ntchito pochiza malungo mu 2007, amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo amalowa bwino m'thupi mukadya chakudya cha mafuta, monga mkaka kapena phala la nsinjiro. Ambiri amasiyira panjira, otsalawo n'kusungira wodwala wina.

Thanzi, mankhwala a otsegula m'mimba aja, nayenso ali ndi muyezo wake: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, idatikumbutsa kufunika kwake. Koma mukasungunulira m'kapu kuti "agwire ntchito mwamphamvu", mchere umachuluka ndipo mwana wotsegula m'mimba mumamuika pangozi ina.

Ogawa mankhwala nawonso asamangoponya paketi. Kufotokoza m'Chichewa ndi gawo la ntchito yawo. Koma mwana ndi wanu. Musachoke pawindo musanafunse kuti sipuni yake iti, kangati, masiku angati, asanadye kapena atadya. Bwerezani zimene akuuzani iwo akumva, ndipo ngati botolo labwera ndi kakapu koyezera, gwiritsani ntchito komweko. Akumbuyo adandaule, inu funsani.