Phunziro la Malamulo: Woganiziridwa Sali Wolakwa Ayi

Chiyambire chaka cha 1999, pamene wailesi ya kanema ya dziko la Malawi inatsegulidwa, ndiponso pamene nyumba zoonetseramo vidiyo zinachuluka m'misika ya ku Thyolo, anthu a kwa Mphuka azolowera masewero a apolisi ndi mbala, monga aja a ku America otchedwa Law & Order amene anayamba mu 1990. M'masewero otere mlandu umayamba ndi kutha pa ola limodzi lokha, ndipo woonera abwerera kwawo ali ndi maganizo akuti yense wogwidwa ndiye wakuba. Maganizo amenewa ngoopsa ndithu, pakuti m'midzi yoyandikana ndi minda ya tiyi, kumene alonda amagwira anthu pa nkhani za nkhuni, feteleza kapena mtedza wa makadamiya, mbiri ya munthu ingathe kuonongeka tsiku limodzi, ndipo mwina moyo wake womwe. Nchifukwa chake owerenga ayenera kudziwa bwino mawu a malamulo.

1. Mayina atatu a munthu wogwidwa

Woganiziridwa ndiye munthu amene apolisi akumkayikira, koma umboni usanayesedwe. Woimbidwa mlandu ndiye amene waimirira pa bwalo la milandu, namva mlandu wake ukuwerengedwa. Wopezeka wolakwa ndiye yekhayo amene woweruza wamtsutsa atamva mbali zonse ziwiri. Gawo 42 la Malamulo Aakulu a dziko, amene anakhazikitsidwa mu 1994, likulamula kuti munthu ayesedwe wosalakwa kufikira bwalo litampeza wolakwa. Sikuti iye ndiye ayenera kutsimikiza kuti sanabe, koma woimira boma ndiye ayenera kutsimikiza kuti anabadi.

2. Ufulu wa womangidwa

Oonera kanema amadziwa chenjezo lija limene wapolisi wa ku America amanena pomanga munthu. Linachokera pa mlandu wa Miranda, umene bwalo lalikulu la dzikolo linaweruza mu 1966. Ambiri amayesa kuti zimenezi nza kunja kokha, chonsecho gawo 42 lomwelo likupatsa Mmalawi aliyense ufulu wotere. Womangidwa auzidwe msanga chifukwa chake m'chinenero chimene amamva. Ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo asaumirizidwe kuvomera mlandu. Aonekere pa bwalo la milandu asanathe maola 48, kapena pa tsiku loyamba limene bwalo likhale, ngati maolawo atha bwalo lili lotseka. Angathenso kutulutsidwa pa belo, ndiko kuyembekeza mlandu ali kwawo atalonjeza kubwera pa tsiku loikika. Belo sikumasulidwa pa mlandu ayi, ndipo belo ya kupolisi salipira ndalama. Tsono anthu akaona woganiziridwa ali kuyenda m'mudzi, asafulumire kunena kuti wapereka ziphuphu.

3. Mawu okhudza katundu

Buku la malamulo a zilango likusiyanitsa milandu ya katundu. Kuba wamba ndiko kutenga chinthu cha mwini mwachinyengo, ndipo gawo 278 likuika chilango chofika zaka 5 m'ndende. Kulanda ndiko kuba pochita chiwawa kapena poopseza, ndipo chilango chake nchokulirapo.

Koma mlandu umene umagwetsa anthu ofatsa ndiwo wa kulandira katundu wakuba, wa pa gawo 328. Munthu amene agula kapena kusunga chinthu, akudziwa kapena ali ndi chifukwa chokhulupirira kuti nchakuba, angakhale m'ndende mpaka zaka 14. Mlimi amene agula thumba la feteleza usiku pa mtengo wotsika kwambiri, kapena mayi amene avomera kusungira mnansi njinga yosadziwika mwini wake, sangadziteteze pongonena kuti sanafunse. Lamulo likuwalanga chotere chifukwa mbala sizikadachuluka pakadapanda ozigula.

Katundu wopezeka ndi woganiziridwa amasungidwa monga umboni, ndipo kawirikawiri mwini wake amamlandira mlandu utatha. Kuchedwa kumeneku kumawawa, koma popanda umboniwo wakuba weniweni angapulumuke.

4. Phunziro lake

M'kanema, wolemba sewero amadziwiratu wolakwa asanayambe kulemba. Pa bwalo la ku Thyolo boma woweruza sadziwa kanthu kufikira mboni zitalankhula, ndipo khamu la anthu lofuula pa msika likudziwa zochepa koposa iye. Amene amenya kapena kutentha woganiziridwa sathandiza chilungamo, koma iwo omwe asanduka oimbidwa mlandu wakupha, ndipo akadzazindikira kuti analakwitsa, wakufayo sangabwerenso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu likuletsa kuba ndi kusunga za mwini, ndipo lachisanu ndi chitatu likuletsa kunamizira mnzako. Awiriwa ayenda pamodzi. Wotayidwa katundu akanene kupolisi, woona zinthu akachite umboni moona, wosunga za mwini abweze, ndipo makolo aphunzitse ana awo oonera kanema kuti dzina lakuti wakuba silitchulidwa pa munthu bwalo lisanaweruze.