Laputopu ya madola 250 ndi masikirini awiri: yankho kwa mayi a ku Chipadze

FUNSO

Bambo Mkonzi,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chipadze muno mu Bindura. Makolo anga adachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ku mgodi, ine ndidabadwira konkuno. Ndimalemba mabuku a ndalama a timashopu tingapo komanso a bungwe lathu la maliro. Mpaka lero ndimalemba pamanja, madzulo n'kukabwereka kompyuta kwa aneba. Ndasunga madola 250 a ku America kuti ndigule laputopu yangayanga. Maso anga savomeranso timanambala ting'onoting'ono, choncho ndikufuna sikirini yaikulu. Alamu anga adandipatsa monita yakale ya chingwe cha mutu wa buluu, ndipo pabalaza pali TV. Mwana wanga wamkazi, amene ali pa Bindura University of Science Education, akuti ndingathe kulumikiza zonse ziwiri nthawi imodzi. Wogulitsa wina akundikakamiza yatsopano ya m'bokosi, yopyapyala, ya Celeron. Wina akuti nditenge yogwirapo kale ntchito yochokera ku UK. Akutinso pali kabokosi kogawa chingwe cha HDMI pawiri. Ndigule iti? Nanga zonsezi zingatheke ndi magetsi athu ozimazimawa?

Mayi a ku Chipadze

YANKHO

Amayi,

Mwana wanu wanena zoona: laputopu imodzi ingathe kuyendetsa monita ya alamu anu ndi TV nthawi imodzi. Koma si laputopu iliyonse, ndipo chogamula nkhaniyi ndi mabowo amene ali m'mbali mwake. Mukafika pa shopu, wogulitsa akamakuonetsani kuwala kwa chivundikiro, inu itembenuzeni muwerenge mabowowo.

Yatsopano ya m'bokosiyo isiyeni. Malaputopu otchipa a Celeron kawirikawiri amabwera ndi RAM ya 4GB yomatiridwa pa bolodi, yosatheka kuwonjezera, ndi malo osungira zinthu a 64GB a mtundu wa eMMC, wochedwa kuposa SSD. Windows yokha imadya gawo lalikulu la malowo. Mukatsegula Excel, WhatsApp ndi masamba angapo a pa intaneti, mumalemba nambala n'kudikira kuti ioneke. M'mbali mumakhala bowo limodzi la HDMI basi, ndipo la USB-C likapezeka nthawi zambiri limakhala longosamutsira mafayilo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Amene ogulitsa amawatchula ex-UK ndi malaputopu amene makampani a kunja amagulira antchito awo, n'kuwagulitsa akatha zaka zingapo. Adapangidwira muofesi: kulumikizidwa ku mamonita tsiku lonse, kutsegulidwa ndi sikuludiraiva wamba, kusinthidwa batire, RAM ndi kiyibodi. Mayina atatu oti muwalembe pa pepala ndi Dell Latitude 5490, Lenovo ThinkPad T480 ndi HP EliteBook 840 G5. Onsewa adatuluka mu 2018, ndipo zida zake zosinthira sizivuta kupeza chifukwa adapangidwa ambiri.

Dzina lokha silikwana, muonenso nambala ya pulosesa. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idasiya kupereka chitetezo chaulere cha nthawi zonse kwa Windows 10, ndipo Windows 11 imavomereza mapulosesa a Intel kuyambira m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Pa malaputopu amenewa, m'badwowo umawerengedwa pa nambala yoyamba pambuyo pa kamzere. Pa i5-8250U kapena i5-8350U pali 8, ndiye yabwino. Pa i5-7300U pali 7, ndiye yaperewera, ndipo mwa malaputopu atatu ndatchulawa ena adatuluka ndi pulosesa yotereyi ngakhale dzina la pa chivundikiro ndi lomwelo. Musatengekenso ndi mawu oti i7. Pulosesa ya i7-4600U ndi ya mu 2013, ili ndi mitima iwiri, pamene i5-8250U ili ndi inayi ndipo imaisiya kutali. Ogulitsa ena amakakamiza Windows 11 pa makina akale ndipo imayenda ndithu, koma Microsoft silonjeza kuti idzapitiriza kuiteteza. Kuti muone zoona zake, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, mulowe pa Performance. Pamenepo pamalembedwa dzina la pulosesa, kukula kwa RAM ndi mtundu wa disiki. Inu mukufuna RAM ya 8GB ndi SSD ya 256GB. Ngati mtengo wavuta, lolerani sikirini ya laputopuyo kukhala yotsika, ya 1366x768, popeza maso anu adzakhala pa monita yaikulu.

Tsopano mabowo. Chingwe cha mutu wa buluu chija ndi cha VGA, cha timano 15 m'mizere itatu ndi tizomangira tiwiri m'mbali. TV yanu imalandira HDMI. N'chifukwa chake pa atatu aja, wokuyenerani kwambiri ndi Latitude 5490: ili ndi bowo la VGA komanso la HDMI. Monita mumalowetsa kwina, TV kwina, osagula adaputa ina iliyonse. ThinkPad T480 ndi EliteBook 840 G5 alibe VGA. Ali ndi HDMI ndi USB-C yotulutsa chithunzi, choncho TV ingatenge HDMI, monita n'kudzera pa adaputa yochoka ku USB-C kupita ku VGA. Mbali yoyendetsa zithunzi ya m'mapulosesa amenewa, Intel UHD 620, imakwanitsa masikirini atatu kuphatikiza ya laputopuyo, ndiye awiri akunja ndi malire ake.

Pa USB-C m'pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Mabowo ake amafanana maonekedwe onse, koma ena amanyamula mafayilo okha, ena moto wa chaja, ena chithunzi. Lotulutsa chithunzi nthawi zambiri limakhala ndi kachizindikiro ka mphezi kapena ka chilembo D pambali pake. Ma adaputa nawo amayenda njira imodzi. Yolembedwa HDMI to VGA imatenga chithunzi ku laputopu ya HDMI kupita ku monita ya VGA. Ya VGA to HDMI imachita zosiyana, ndipo mukagula imeneyo molakwitsa monita idzangokhala bii.

Kabokosi kogawa HDMI pawiri musagule. Kamatenga chithunzi chimodzi n'kuchionetsa pa masikirini onse awiri mofanana. Ku tchalitchi kapena m'holo, kumene anthu akufuna kuona chinthu chimodzi mbali ziwiri, kamathandiza. Inu mukufuna malisiti kuno, buku la ndalama uko, ndipo zimenezo zimafuna kuti sikirini iliyonse ikhale ndi bowo lakelake pa laputopu.

Mukalumikiza, dinani batani la Windows pamodzi ndi P. Pamabwera mawu anayi. Duplicate amabwereza chithunzi chomwecho, Extend amatambasula tebulo lanu kuti muzikoka zenera kuchoka pa sikirini ina kupita pa ina. Sankhani Extend. Kenako pa Display settings mudzaona timabokosi ta manambala 1, 2 ndi 3. Tikokeni mutiyale monga momwe masikirini akhalira pa tebulo panu, apo ayi mawusi idzathawira kumanzere pamene monita ili kumanja. Pomwepo pali Scale. Ikani 125 kapena 150 peresenti, manambala adzakula osasokoneza kanthu.

Pa TV ndikuchenjezeni. Ma TV ambiri a mainchesi 32 ali ndi madontho 1366x768 okha, ofanana ndi a laputopu yotchipa, kungoti atambasulidwa. Zilembo zimakula koma zimachita mbuu, ndipo munthu wokhala pafupi maso amatopa msanga. Ena amadulanso m'mphepete mwa chithunzi, moti mzere wa pansi wa Windows suoneka. Zikatero, pa makonzedwe a chithunzi a TV sankhani Just Scan ngati ndi LG kapena Screen Fit ngati ndi Samsung. Komanso madzulo TV ili ndi eni ake. Pa ntchito ya manambala, monita imodzi ya mainchesi 22 kapena 24 ya 1920x1080 imaposa TV. Yambani ndi ya alamu anuyo pamodzi ndi sikirini ya laputopu, amenewo ndi masikirini awiri kale. TV muziitenga pa tsiku la msonkhano wa bungwe, pofuna kuonetsa mamembala amene alipira ndi amene atsalira. Monita muiike patali ngati kutalika kwa mkono wanu, m'mphepete mwake mwa pamwamba mulingane ndi maso.

Chinthu china chimene wogulitsa sangakumbukire kukuuzani: malaputopu atatu onsewa ndi a mainchesi 14, ndipo alibe mabatani a manambala a kudzanja lamanja aja. Kwa munthu wolemba ndalama tsiku lonse, kusaka manambala pa mzere wa pamwamba n'kotopetsa. Gulani kiyibodi ya USB yokhala ndi manambala kumbali, ndi mawusi.

Za magetsi, mukudziwa kale mmene kampani ya magetsi ya ZESA imachitira madzi akatsika ku Kariba kapena makina akavuta ku Hwange. Laputopu ili ndi batire, monita ndi TV zilibe. Magetsi akazima masikirini akunja amazima pompo, ndipo mukazula zingwe zake mazenera onse amabwerera pa sikirini ya laputopu. Ntchito sitayika, mumangopitiriza pa sikirini yaing'onoyo. Choncho batire ndi chinthu choyesa musanalipire. Mwana wanu atsegule Command Prompt alembe powercfg /batteryreport. Lipoti lotuluka limaonetsa manambala awiri: Design capacity, mphamvu imene batire idali nayo ili yatsopano, ndi Full charge capacity, imene yatsala lero. Yachiwiri ikakhala theka la yoyamba, uzani wogulitsa asinthe batire kapena atsitse mtengo. ThinkPad T480 ili ndi mwayi apa, chifukwa imatha kukhala ndi mabatire awiri, ina m'kati, ina yochotsa ndi dzanja kunsi kwake.

Ngati pakhomo pali sola ndi invata yaing'ono, werengani motere. Chaja ya malaputopu amenewa ndi ya mawati 45 kapena 65. Monita yamakono ya mainchesi 22 kapena 24 imadya pafupifupi mawati 20 mpaka 30. Zonse pamodzi sizifika mawati 100. Mamonita akale onenepa kumbuyo amadya zoposa apo, ndipo nambala yake imalembedwa pa chikwangwani cha kumbuyo. Usiku batire ya sola ikafooka zimitsani TV, musiye monita imodzi.

Choopsa kwambiri ndi kubwera kwa magetsi, chifukwa nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira. Akazima zulani mapulagi, akabwera dikirani pang'ono musanalowetsenso. Gulani ekisitenshoni yokhala ndi chitetezo cha magetsi odumpha. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, mabingu akayamba zulaninso chingwe cha HDMI, popeza mphezi yolowera pa eriyo kapena dikoda imatha kudutsa mu TV n'kukaotcha laputopu. Chaja yochokera ku UK ili ndi mano atatu a makona ofanana ndi masoketi ambiri a m'Zimbabwe, pamene katundu wa ku South Africa amabwera ndi mano ozungulira. Fumbi la mu Bindura nalo silinyengerera, makamaka m'chilimwe kwa okhala m'mbali mwa misewu ya magalimoto a ku mgodi wa Freda Rebecca. Musaike laputopu pa bulangete kapena pa sofa, pansi pake m'polowera mpweya. Mukamaliza ntchito ivundikireni ndi nsalu, ndipo fani ikayamba kulira kwambiri ipititseni akaipukute.

Kaya mugula mu Bindura momwemo kaya mukwera kombi ulendo wa makilomita pafupifupi 90 kupita ku Harare, pitani ndi mwana wanu ndipo nyamulani chingwe cha buluucho. Wogulitsa alumikize masikirini awiri inu mukuona, adine Extend, akoke zenera kuchoka kwina kupita kwina. Gwedezani zingwe pang'ono muone ngati chithunzi sichiphethira. Lembani pa batani lililonse. Tsegulani ndi kutseka chivundikiro mumve ngati mahinjesi sakulira. Poyatsa dinani F2 pa Dell, F1 pa ThinkPad kapena F10 pa HP. Ikapempha pasiwedi imene wogulitsa saidziwa, ndiye kuti kampani yakale idaikhoma, isiyeni pomwepo. Lisiti likhale ndi nambala ya makinawo yolembedwa kunsi kwake, ndi masiku a galanti olembedwa ndi cholembera, osati a pakamwa.

Mitengo imasinthasintha, choncho funsani m'mashopu angapo musanatulutse ndalama, ndipo madola 250 asathere pa laputopu. Patulani kaye za kiyibodi, mawusi, ekisitenshoni ndi fulashi, zotsala ndizo mukambirane nazo mtengo. Fulashiyo ndi yokoperamo mabuku a bungwe sabata iliyonse, ndipo izikhala kwa msungichuma kapena membala wina, osati m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Monita yachiwiri mudzagule mtsogolo, mukagwira ntchito miyezi ingapo n'kuona kuti imodzi ikukucheperani.

Mkonzi